Pampu ya malemu ikuthirirabe

Lolemba, 9 Seputembala

Alendo a arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi, atha. Otsala ndi a Malita okha, alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu. Akuti akhala nane mpaka eda, miyezi yanga ya umasiye yokhala m'nyumba, ithe mu Disembala. Akuti azindichezetsa. Kucheza kwake n'kwakuti ndikangoyandikira chitseko cha panja, amatsokomola.

Kope ili ndalipeza m'katundu wa ku sekondale wa mwana wanga Rashid. Masamba a kutsogolo anajambulamo mtima wa chule, ndiye ine ndayambira kumbuyo. Mkazi wa pa eda amaletsedwa zambiri: osadzola zonunkhira, osavala zowala, osayendayenda. Za bolopeni palibe ananena.

M'mawa uno yayambanso. Dzuwa litangopitirira mtengo wa mango wa kwa mnzanga Flossie, kudimba kunamveka kaphokoso kake kaja, mmmm, ngati munthu amene akuvomera nkhani asakuimvera. Pampu ya a Sadick, malemu amuna anga. Eni ake anagona kumanda mu Julaye, koma iyo palibe anaiuza. Nthawi yomweyo foni yawo inawala pa tebulo: "Moni a Sadick! Kuthirira kwayamba."

Ndinazindikira nditathira kale tiyi m'makapu awiri. A Malita anaona. Anatenga inayo n'kumwa, chikhalirecho anali atamwa kale yawo.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndilembe za pampuyi, mwina ndikaiona papepala ichepa.

Dimba lija poyamba linali langa. Zaka zonse Rashid akukula, ndine ndinkatunga pachitsime cha m'dambo ndi makheni awiri, m'mawa ndi madzulo, mpaka msana unapindika ngati chikwakwa. A Sadick ankangobwera kudzayamikira. Kenako chaka chatha anapita ku boma n'kubwerako ndi anyamata a yunifolomu, sola, bokosi lachitsulo, ndi mapaipi obowolabowola oyala m'mabedi. Kuyambira tsiku limenelo dimba linasanduka lawo. Mwamuna safuna kheni, koma mupatseni chinthu cha mabatani muone.

Sindinadandaule. Ndinapuma, ndipo kupumako kunandikoma. Iwo ankakhala pakhonde pano atapinda mwendo, akudinadina foni. "Make Rashid, tamvera. Ndathirira." Ine n'kuti zikomo bwana. Nthawi yoyamba ndi yosiya ankaitchera mu foni momwemo, pampu n'kumangotsatira. Ndinasiya kufunsa. Ndinasiya ngakhale kupitako, kupatula tsiku lokolola.

Foniyo imatseguka ndi chala chawo chachikulu cha kumanja. Ndimaitchaja tsiku lililonse. Mauthenga a pampu amaoneka pamwamba ngakhale ili yotseka, koma kulowa mkati ayi. Imangojambula kachizindikiro ka chala n'kumadikira.

Chithunzi cha pagalasi pake si ine, si Rashid. Ndi nazale ya anyezi.

Lachinayi, 12 Seputembala

Kwabwera Flossie, mnzanga wa dimba loyandikana ndi lathu. Wa Chikatolika, pakamwa palibe chitseko. Walowera kukhitchini monga mwa masiku onse, n'kuika anyezi mmodzi pa mkeka patsogolo panga ngati umboni kukhoti.

"Tagwirani pakhosipo, asisi."

Ndinagwira. Pofewa. Nditafinya pang'ono panatuluka timadzi tachikasu.

"Wakhwima kalekale ameneyu. Masamba anagwa sabata yatha. Koma chinthu cha amuna anucho chikungothira, m'mawa, masana. M'mabedi muli ngati m'munda wa mpunga."

Zimenezi ndimazidziwa, si za kusukulu. Anyezi akagwetsa makosi amasiyidwa ndi ludzu kuti khungu liume, ndiye amasungika mpaka dzinja. Ukapitiriza madzi amaolera pansi, pamwamba akuoneka bwinobwino. A Sadick anatchera madzi a mwezi wa Julaye, anyezi ali mwana. Akanakhalapo bwenzi atasintha. BP inawagwetsa pakhonde akuvala nsapato, ndipo mu foni muja mpaka lero ndi Julaye.

Dimba lonse chaka chino ndi anyezi yekhayekha. Anati chimanga tidzagula tikagulitsa. Ndiye akaola ameneyu, chaola ndi chakudya changa cha chaka.

A Malita anamununkhiza n'kunena kuti mbali inayo ndi yabwino, asatayidwe. Tadyera usipa.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndaimba ku kampani ya mapampu pa kafoni kanga ka mabatani. Nambala ndaipeza pa kalendala imene anatipatsa.

Wayankha ndi mtsikana wa mawu okoma, wosapuma mpweya. Takulandirani. Ngati mukufuna pampu yatsopano dinani wani. Ngati pampu yanu yasiya kugwira ntchito dinani thuu. Ndinadikira kuti anene za pampu imene ikukana kusiya ntchito. Sananene. Ndinadikira kuti anene kuti ngati mwini pampu anamwalira dinani chakuti. Nambala imeneyo kulibe. Kumene anapangira mtsikanayu anthu safa.

Ndinadina thuu. Anati kuti titsimikize kuti ndinu mwini wake, tatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanu. Foni ya a Sadick inanjenjemera pa tebulo. "Uthenga watsopano." Basi. Nambalayo ili mkati, ine ndili kunja, chala chili kumanda.

Ndinauza mtsikanayo kuti amuna anga anamwalira. Anati pepani, sitinamve bwino, yesaninso. Ndinanenanso. Kawiri konse. N'koyamba kunena mawu amenewa ndi pakamwa panga chichitikireni, ndipo ndawanena kwa chinthu chopanda makutu.

Mayunitsi anathera pomwepo.

Loweruka, 14 Seputembala

Yayamba nthawi yake. Makapu awiri.

Lamulungu, 15 Seputembala

Rashid waimba kuchokera ku Joni. Wamva kwa Flossie, amene nkhani sigona m'mimba mwake.

"Amayi, musadandaule, ndafunsa kale pa foni. Pali chinthu chimayankha funso lililonse." Wandiwerengera yankho lake, lalitali ngati ulaliki. Kuti anyezi akakhwima madzi asiyidwe. Kuti chinyezi chimabweretsa kuola. Kuti ndilumikizane ndi amene anatigulitsa pampu. Pomaliza akuti chinthucho chapepesa za imfa ya bambo ake.

Ndinati uchithokoze.

"Kapena yesani manambala, amayi. Ikakana chala imafunsa nambala."

Ndayesa masana, a Malita akuswali. Chaka chimene anabadwa. Chaka chimene tinamanga ukwati. Chaka cha Rashid. Changa ndinachisungira pomaliza, ndipo ndinachidina pang'onopang'ono ngati mtsikana. Yakana. Tsopano ikuti ndidikire kaye ndisanayesenso, ngati mwana wolakwa.

Zaka zonsezi ndinkati munthuyu ndimamudziwa ngati chikhatho changa. Manambala anayi okha andikanika.

Chinanso. Pamene ndimaika foni pansi, chala changa chinakhudza pa kachizindikiro paja. Panali potentha. Ndikudziwa, inali pa tchaja. Form 4 ndinakhoza, physical science ndinapeza credit. Komabe ndinachotsa dzanja msanga.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Ndapempha Flossie kuti akazimitse. Makiyi a malemu ali m'thumba la kanzu, mkanjo wawo uja, kuseri kwa chitseko, wa loko wa bokosi lija ali pomwepo.

Waseka mpaka kukhala pansi. "Ine? Ndikagwire cha malemu? Mukufuna azibwera kwanga m'mawa uliwonse kudzafunsa?"

Akuti kudambo anthu ayamba kulambalala dimba lathu. Amayi ena a ku Liwaladzi kumtunda anaona paipi ikugwedezeka yokha, ngati wina akuikoka kuchokera ku bedi lina kupita ku lina. Ndinati madzi akamalowa m'paipi yopanda kanthu imagwedezeka, ndi mmene zilili. Flossie anati eya, nayenso anawauza choncho. Kenako anati, "Koma imagwedezeka mwaulemu, asisi. Ngati mmene ankayendera."

A Malita anamva zonse ali pakhomo la khitchini. Chigamulo chawo: katundu wa mchimwene wawo sakhudzidwa ndi munthu wakunja mpaka atsibweni awo abwere kuchokera ku Dwangwa kudzalongosola za masiye. Atsibweniwo abwera mzimbe ukatha kudulidwa. Ndinati nanga ine, ndine wakunja? Anati inu ndinu wamkati, n'chifukwa chake mukhale mkati.

Ndinati anyezi akuola.

"Anyezi amadzalidwanso, alamu. Mbiri sidzalidwanso. Adzati mkazi uja anaoneka kudambo mwamuna wake asanazizire."

Iwonso sangapiteko. Akuti mabondo. Mabondo omwewo amawafikitsa kumsika wa nsomba bwinobwino.

Lachitatu, 18 Seputembala

Kwabwera a shehe kudzationa. Anakhala pakhonde, ine mkati kuseri kwa nsalu ya pakhomo, a Malita pakati ngati mlonda wa pachipata. Atatha kupemphera dua ndinafunsa funso langa ndisanalandidwe mpata.

Anayankha mosavuta. Eda si ndende. Mkazi ngati pali chofunika chenicheni, monga chakudya chake chikuonongeka ndipo palibe womuchitira, atha kutuluka masana, n'kubwerera kudzagona pakhomo pake. Avale mwaulemu, asacheze m'njira. Basi.

A Malita anati, "A shehe, za m'buku ndi zina, za pamudzi pano ndi zina. Anthu adzayankhula."

"Anthuwo mu Febuluwale adzamubweretsera ufa?"

A Malita anayamba kukonza mpango wawo umene unali bwinobwino.

Potsanzika a shehe anaima pang'ono, chifukwa pampu inali itayamba ya masana. Anamvetsera. Anati, "Sadick ankachedwa ku swala ya Ijumaa chifukwa cha chinthu chimenechi. Tsopano iye wafika, icho chatsala." Anaseka okha, kenako anasiya.

Ndiye chilolezo ndili nacho. Mawa.

Lachinayi, 19 Seputembala

Sindinapite.

Ndinavala, ndinatenga makiyi. A Malita sanatsokomole n'komwe, anangoyang'ana kukhoma. Nditagwira chitseko, inayamba. Mmmm. Foni inawala. Moni a Sadick.

Ndinakhala pa mpando, makiyi ali m'manja, mpaka inasiya yokha.

Ndakhala ndikuloza a Malita, Flossie, mtsikana wa dinani wani, atsibweni a ku Dwangwa. Onsewo achoka panjira, ndipo ndapeza kuti amene waima pakhomo ndine. M'nyumba muno zonse za a Sadick zinaima tsiku lomwe lija. Njinga yaphwa matayala. Kanzu yayamba kununkha khoma. Wailesi sindiyatsa. Chimene chikuchitabe zimene iwo ananena ndi pampu yokhayo. M'mawa uliwonse mawu awo omaliza amamveredwa kudambo, madzi n'kutuluka. Ndikakadina chozimitsira, ndiye kuti ndawatseka pakamwa ndine.

Pa maliro akazi sitipita kumanda. Jeneza, machira onyamulira thupi, inatuluka pa geti, ine ndinatsala pa mkeka. Sindinaone dothi likugwa. Mwina n'chifukwa chake.

Lachisanu, 20 Seputembala

Lero Flossie sanalowe. Anaima pawindo la khitchini ndi beseni, n'kulikhuthula pansi kuti ndione. Anyezi wa m'bedi la kumunsi, limene madzi amadikha. Wakuda, wonyenyeka, ntchentche zili ng'waa. Wazula ndi manja ake, akuti zimenezo si kugwira cha malemu, n'kuchotsa nyansi.

"Bedi limodzi lapita. Bedi lachiwiri layamba. Madzi anuwo ayambanso kulowa mu tomato wanga, koma zimenezo sindinena poti muli pa chisoni." Wanena.

Fungo lake lalowa m'nyumba monse. Si fungo la anyezi ayi. Ndi la chinthu chimene chakhala m'dothi lonyowa nthawi yaitali. Ndinaganiza za chala chija. Sindinafune, koma ndinaganiza, ndipo ndinathamangira kubafa.

Nditatuluka ndinapeza a Malita akukwirira zoolazo kuseri kwa khola. Amalankhula okha, kapena amalankhula ndi mchimwene wawo, sindikudziwa. Ndinangomva kuti, "Iwenso Sadick, kuuma mutu mpaka liti." Anali kulira. Chibwerereni sindinawaonepo akulira masana, amalira pa swala pokha.

Madzulo ano a Malita sanayatse kawailesi kamene anabwera nako. Anandifunsa kuti kudimba njira yake ikadali yodutsa pa mjigo. Ndinati eya. Anati pa mjigo pamakhala anthu ambiri, bola yodzera m'chinangwa cha a Fidelis.

Loweruka, 21 Seputembala

Ndikulemba manja akununkha, bolopeni ikuterera.

Tinanyamuka titamwa tiyi, dzuwa lisanafike pa mango. Ine patsogolo, nditafunda nsalu yakuda ija, a Malita pambuyo ndi dengu. Akuti dengulo n'loti anthu aone kuti tikupita kuntchito, osati kokayenda. Mabondo sanawatchule. Foni ya malemu ndinaimanga pa nsonga ya chitenje, sindikudziwa chifukwa chake. M'chinangwa tinakumana ndi a Fidelis eni ake. Anavula chipewa n'kupatuka.

Kunja kwakula. Kapena ndine ndachepa.

Dimba sindinalizindikire msanga. Mabedi ali ndendende, mapaipi akuda ali m'mizere, udzu wamera m'tinjira. Kumunsi kuli matope obiriwira ndi fungo lija. Koma kumtunda, kumene kuli mchenga, anyezi ali mbwee, mitu ngati zibakera, ina yatulukira pamwamba. Munthu uja ankadziwa kulima. Sindinamuuzepo.

Bokosi lili pa mzati wa sola. Pansi pake ndinapeza mapatapata awo a kudimba, obiriwira aja, lina lomangidwa ndi waya. Ali moyandikana, kuloza ku mabedi, ngati mwini wake wangolowa m'matope abwera posachedwa. Mbali imeneyo madzi safika, ndiye m'dothi louma muli phazi lawo, chidendene ndi zala zonse. A Malita anaona, anakhala pansi pomwepo pa udzu.

Loko anavuta, wachita dzimbiri. Nditatsegula ndinayembekeza mawaya, magetsi, zolemba za Chingerezi. Zilimo. Koma pambali pali kaswichi kofiira, kofanana ndi ka babu ya kuchipinda kwathu. Miyezi iwiri ya mauthenga, manambala achinsinsi, mtsikana wa dinani wani, nzeru za ku Joni. Kaswichi ka babu.

Sindinadine. Ndinadikira.

Dzuwa linagwira sola, ndipo inayamba. Pafupi sichita mmmm, imachita ngati munthu akupuma atakwera chitunda. Mapaipi anadzuka limodzi ndi limodzi, kuyambira kumtunda kutsika, akugwedezeka. Flossie sananame. Ndi mwaulemu.

Ndinaisiya ithire pang'ono. Ndinati, "Bambo a Rashid, wakhwima. Mwathirira mokwana." A Malita anati amina, ngati ndapanga dua.

Ndinadina.

Mapaipi anagona. Madzi anadontha pang'ono n'kusiya. Kenako zii. Ndinamva achule m'chitsime, mawu a anthu ku mjigo, njinga yamoto kutali pa msewu wa M5. Zonsezi zinalipo masiku onsewa. A Malita anamina m'mpango n'kunena kuti ndi anyeziyu, akuwawa m'maso.

Flossie anatulukira mu tomato wake, manja m'chiuno. "Mwamuuza?" Ndinati ndamuuza. "Wamva?" Ndinati tiona mawa.

Ndinavula nsapato n'kulowa m'bedi la kumtunda. Ndinalowetsa chala m'dothi monga ndinkachitira kale ndisanatunge, mpaka chinalowa chonse. Konyowa mpaka pansi. Anyezi ameneyu akufuna masiku a dzuwa asanazulidwe. Wa pakati sangadikire, azulidwe lero lomwe, ayanikidwe pamthunzi, wofewa khosi tidye ndi kugawa. Wa kumunsi ndi manyowa. Palibe anandiuza. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu, ndipo a Malita anadzuka n'kukoka dengu.

Tili mkati mozula, pa chitenje panga pananjenjemera. Ndinamasula ndi manja amatope.

"Moni a Sadick! Pampu yanu yazimitsidwa pamanja. Kodi ndinu?"

Pansi pake kachizindikiro ka chala kaja, kakudikira.

A Malita anafunsa kuti ikuti chiyani. Ndinawawerengera. Anayang'ana mapatapata aja, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye muiyankha bwanji, alamu?"

Ndinapukuta galasi lake ndi chitenje, matope anangofalikira pa nazale paja. Ndinati, "Ndine." Ndinaiika chafufumimba pamwamba pa bokosi, n'kubwerera m'bedi. Mzere wanga unali usanathe.